Babatoni wa Domingo pa Phiri la Zomba

Chotsa dzanja pamenepo, iwe Makwinja. Chotsa! Wati chiyani? Ndidule mgolowo ndipangire mbaula ziwiri poti ukungodya malo mushedi muno? Ndipo enanu a kabaza mukuseka, mano onse pamtunda, mukuti nkhalamba yayambanso zake zija. Sekani. Koma amene akuti Zuze ndi wabodza akhale pabenchipo amve mpaka kumapeto, akatero andilozere pamene ndanama, ndimupatsa nyundo iyi andikhome nayo pachipumi. Ndipo zimitsa kaye gulayindala yakoyo, ndi yomweyo inadya makutu a mnzanga.

Chimene ukuchitcha mgolocho ndi babatoni, gitala wa chingwe chimodzi amene woimba amachita kumukhalira, ndodo kudzanja ili, botolo kudzanja linalo. Mwini wake anali Domingo wa ku Chilomoni, shamwali wanga, makolo ake ochokera ku Mozambiki, anga a ku Nsanje, tinakumana m'kwaya kutchalitchi tsitsi lidakali lakuda, mpaka ansembe anatipempha kuti tipume poti Domingo akatsitsa mawu magalasi a mawindo ankathetheka ndipo makandulo ankazima okha. Ndiye tinatulukamo, iye n'kupanga babatoni, ine n'kupanga banjo ya chigubu cha mafuta ophikira, mawaya ake a buleki ya njinga. Chikopa chimene ukuchionacho ndi cha nkhunzi ya ku Bangula, nkhunzi yoti ikamamwa madzi Shire ankaphwa mpaka ng'ona kumayenda pamchenga zikufunsana njira, ndipo Domingo akachimenya kuno ku Chirimba misomali ya malata ku Ndirande inkazuka yokha, amayi a ku Bangwe sankavutikanso ndi kusefa, ankangoika sefa palichero ufa n'kumadzisefa wokha. Mukumva? Lero zonsezo kulibe. Nyimbo mumaziika m'makutu ndi tizingwe ta foni, aliyense yekhayekha ngati odwala ali pa diripi.

Domingo anakalambira pa gulayindala, pamalo pomwe waimapo iwepo, ndipo makutu ake anayamba kutsekeka pang'onopang'ono. Kuchipatala anamuuza kuti palibenso chochita. Tsiku lina masana anabwera, n'kukhala pa benchi lomwelo, n'kunena mokuwa monga amachitira anthu osamva bwino.

"Shamwali, taimba m'maukwati, m'mashabini, pasiteji ya minibasi, anthu akumwa, akutukwanizana, palibe anakhalapo chete kutimvera. Makutuwa asanatsekeretu ndikufuna tsiku limodzi lokha. Ndimve babatoni wangayu akulira anthu ali chete, akatha ndimve m'manja. Basi."

Sanapemphe nyumba, sanapemphe galimoto, anapempha zimenezo basi, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinamenya pachifuwa n'kuti zimenezo ndi zazing'ono.

Mwayi unabwera wokha. Mayi wina wophikira alendo anadzagula mbaula zanga, poti mbaula ya Zuze imawiritsa nyemba zidakali m'thumba, n'kundiuza kuti kwabwera azungu oimba nyimbo za kumapiri akwawo, amati bulugirasi, zoimbira zake za zingwe zokhazokha, ng'oma ayi, ndipo akuyenda kampu ndi kampu, kugona m'matenti, lero uku mawa uko, ndipo tsiku lomaliza kudzakhala phwando la nyimbo loti aliyense wokhala ndi choimbira cha chingwe adzapatsidwa mpata, anthu atakhala pansi phee. Ndinasangalala mpaka ndinaiwala kufunsa kuti tsiku lomalizalo lidzawapeza ali kuti. Ndinangomva kuti ayambira ku Majete. Tinasoka tenti ya matumba a feteleza, tinamanga bulangete langa, limodzi lokhalo limene ndinali nalo, kambaula, kapoto, n'kukweza babatoni pa kalole konyamula simenti kopita ku Chikwawa, ndipo mtengo wa babatoniyo unali wautali moti kutsogolo kwake kunali kutafika pa Thabwa mgolo udakali pa Milare.

Pa zitunda zotsikira ku Chikwawa paja mabuleki anaduka. Dalaivala anayamba kuitana amayi ake, lole ikutsika ngati mwala, makona akubwera awiriawiri, mbuzi zikudutsa chammbuyo, Shire akuoneka pansi apo ngati kaulusi, Domingo ali phee wakumbatira babatoni wake poti kukuwa konseko sankakumva, ndiye ine ndinakumbuka kuti waya wa buleki ndi buleki basi ngakhale utamuphunzitsa kuimba, ndinamasula waya mmodzi pa banjo, ndinalowa kunsi kwa lole ikuthamanga choncho, miyendo nditakola pa ekiselo, ndinamanga teyala lakumbuyo, nsonga inayo n'kuiluma ndi mano, ndipo tinatsika phiri lonse lija ine ndikuluma pa kona, kumasula pa msewu woongoka, kuluma, kumasula, mpaka pa mlatho. Mano awiri akusowa apawa anatsala kumeneko. Mukumva? Waya ndinamubwezera pa banjo akutentha, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankalira bwino kuposa anzake.

Ku kampu ya ku Majete tinapeza phulusa lokha. Mlonda anati oimba aja anyamuka dzulo, alowera ku Mulanje. Tinakhoma tenti yathu pakati pa malo osesa bwino amene matenti awo anachokapo, ndipo udzudzu wa kumeneko, ine ndine wa kuchigwa ndimaudziwa udzudzu, koma uwo unali wina, unagwirizana, unagwira ngodya zinayi za tenti, n'kuinyamula, n'kukaiika pambali kuti utidye bwino poyera. M'mawa dzuwa linatuluka lija la kwathu, lokazinga chimanga chili m'nkhokwe, chikopa chinakungika mpaka babatoni anayamba kulira yekha popanda womugunda, du, du, du, njovu zinaima mzere kuseri kwa waya makutu ali tcheru, ndipo mvuu ina yaikazi inatuluka mu Shire poyesa kuti yaimuna ikuitana, inatitsatira pambuyo maso ali mwachikondi mpaka pa rodibuloko, pamene anaibweza poti inalibe chiphaso. Ine ndinaseka, n'kutembenuka kuti ndiseke ndi Domingo. Ndinamupeza akudzigogoda khutu lakumanzere ndi chala. Anati latseka lonse, latsala lakumanja.

Tisanakwere zitunda ndinatola kathumba ka makala a tsanya m'mbali mwa msewu. Inu a m'tauni mumadziwa makala a mitengo yofewa aja ongoyaka ngati pepala. Tsanya ndi wina, amayaka mwakachetechete, osalilima, osafuka, koma amasungunula poto. Ndikanadziwa ndikanakasiya pomwepo kathumbako.

Ku Mulanje tinakafika ku kampu ya pa Likhubula chiperoni chitatsika. Ife anthu a kuchigwa kuzizira timangokumva m'nkhani, tinapita ndi mashati a manja aafupi ndi bulangete limodzi anthu awiri, ndipo nkhungu yake inali yolimba moti ndinatulutsa sizasi yodulira malata n'kumadula njira, zidutswazo ndinapinda n'kukhoma ndowa ziwiri zimene ndinasiyira mlonda wa kumeneko, ndipo ndikamayankhula mawu ankauma asanafike kwa Domingo n'kumagwa pansi ngati mtedza, iye n'kumatola, kuwaothetsa pambaula kuti amve zimene ndanena. Mukumva? Oimba aja? Anali atanyamuka m'mawa womwewo. Mlonda anati apita ku Zomba, pamwamba pa phiri, ndipo phwando lija ndi mkuja.

Masana ake tinakhala pamwala pafupi ndi mathithi, madzi akugwa ndi phokoso loti ngakhale ine ndinkachita kutseka makutu. Domingo anayang'ana madziwo nthawi yaitali, kenako anati, "Malo ano ndi abwino, shamwali. Kuli zii." Ndinamukuwira pakhutu lakumanja, anamva, koma movutikira, ngati munthu womvera wailesi ya m'nyumba ya eni ake. Kanali katatsala kabowo kakang'ono ngati ka singano, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti tikachedwa katseka.

Tinadzera ku Phalombe pa lole ya nandolo, tinakwera phiri la Zomba wapansi, babatoni ali pamutu panga, ndipo phirilo ndi lalitali moti pakati panjira tinakumana ndi ndege ikupuma. Koma titafika pa kampu ija, anthu inu, ndinaiwala kutopa. Matenti obiriwira, ofiira, achikasu, mbwee pansi pa mitengo ya paini, utsi wa nyama, ana akuthamanga, azungu, amwenye, mabwana a m'tauni ndi majekete awo, ndipo pakati pa bwalo kathandala ka matabwa, pamenepo anthu asanu atazungulira maiki imodzi yokha. Imodzi! Wa banjo akafuna kuonetsa zake amasendera kutsogolo anzake n'kubwerera, akatha amapatsa mpata wa vayolini, uyo n'kupatsa wa kagitala kakang'ono ngati papaya, kumbuyo kuli mkulu wina wandevu wakumbatira chigitala choimiritsa chachikulu ngati mayi woyembekezera, ndipo akamaimba mawu amawakweza m'mwamba mopyapyala ngati anamfedwa, chikhalirecho mapazi akuvina. Chizungu chawo sindinkachimva, koma ndinadziwa kuti akulira kwawo, akulira amayi awo, akulira sitima imene inapita ndi munthu osabwera naye. Ndipo anthu onse aja anali chete, Makwinja. Chete weniweni amene Domingo ankamufuna uja.

Mayi wophika uja anatizindikira, anatilembetsa, anati tiimba dzuwa likapendeka. Dzuwa lake liti? Kunali nkhungu ndi kamvula kowaza, ndipo chikopa chinali chitalefuka ngati chigwada chofota. Tsono mverani, poti nkhani yonse yagona apa. Chikopa chikalefuka amachiotcha padzuwa, dzuwa likasowa amachiotcha pamoto wa udzu, chifukwa udzu umalilima n'kuzima wokha ngakhale mwini wake ataiwala. Makala ayi. Limeneli linali lamulo la Domingo kuyambira kale, ankalinena ngati katekisimu. Popita kumtsinje kukasamba ndi kukameta, kuti adzavale shati yake yoyera ija ya kwaya, anandigwira paphewa n'kuti, "Shamwali, ufune udzu wouma, undiothetsere mwanayu."

Udzu wouma pa Zomba mwezi wa chiperoni? Ndinafuna, sindinama, ndinafuna pang'ono. Kenako ndinati ine ndine Zuze, moto ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku, mbaula ndinakhoma ndekha, ingandipose nzeru? Ndinakoleza tsanya uja kuseri kwa tenti, ndinapendeketsa babatoni chikopa chitayang'ana kumoto, patali bwino ndithu, ndipo nthawi yomweyo kubwalo kuja wa banjo anayamba ina yothamanga, zala zake zitavala tizitsulo, zikugubuduka pa mawaya ngati matalala padenga, ndipo ine amene ndakhala ndikukanda chigubu moyo wanga wonse ndinati ndikangoona kamodzi mmene akuchitira, nyimbo imodzi yokha. Inatha, inayamba ina. Inatha, inayamba ina. Ndinaomba m'manja, ndinakuwa, ndinavina ndi mayi wina wachizungu wa nsapato za jombo, ndinasangalala kuposa tsiku la ukwati wanga, ndipo chimene chinandibweza ndi fungo la ubweya wopserera.

Babatoni anali atatsetsereka pa udzu wonyowa n'kugonera mbaula. Pamwamba chikopa chinkaoneka chabwinobwino, ubweya wokha utafiira, koma m'mphepete, kunsi kwa lamba wa teyala kumene kuli misomali, chinali chitapsa n'kung'ambika kuchokera apa mpaka apa. Ndinagunda chingwe. Phu. Ndinagundanso. Phu. Nkhunzi ya ku Bangula inali itafa kachiwiri, ndipo woipha ndinali ine.

Ndikanamuuza. Ndinamuona akubwera poteropo, shati yoyera, ndevu atameta mpaka kudzicheka, akumwetulira ngati mkwati, ndipo ndikanamuuza. M'malo mwake ndinatenga chipika, ndinachikulunga m'bulangete langa, ndinachilowetsa kunsi kwa mgolo n'kuchikanikiza mpaka chikopa chinatukuka n'kumaoneka chokungika, ndinakokera lamba pong'ambikapo, mbaula n'kuikankhira m'tchire. Ndinati mumtima, khutu lake latsala kabowo ka singano, chimene chingalowe pamenepo ndi cha m'masipika basi, ndiye m'masipikamo ndiikamo ine. Domingo asanakhudze n'komwe chingwe tinaitanidwa kuthandala.

Ndinaima pa maiki imodzi ija, banjo pamimba, Domingo atakhalira babatoni wake pambali panga, ndipo ndodo yake itangotsika ine ndinatseka milomo n'kutulutsa kukhosi, dum, ikatsikanso, dum, botolo likatsetsereka ine n'kutsetsereka nalo, duuum, poti zaka zonse zija dzanja lake ndinkalidziwa kuposa langa, zala zikukanda banjo, khosi likuimba babatoni, diso lili pa ndodo, ndipo ndikukuuzani mawu amene anatuluka tsiku limenelo phiri la Zomba linanjenjemera, nkhungu inang'ambika pakati ngati nsalu yakale dzuwa n'kusuzumira, mitengo ya paini inagwada, madzi a m'damu la paphiripo anabwerera kumtunda kukamvera, anyani anatsika ndi ana kumsana n'kukhala pamzere wakutsogolo manja ali pachibwano, ku Chilwa asodzi anaona nsomba zikudumphira zokha m'bwato, ndipo mkulu wandevu uja anasiya chigitala chake, anagwada, n'kuvulira babatoni chipewa. Mukumva? Titamaliza m'manja munalira mpaka ku Chilomoni akazi a Domingo anatuluka panja kukaanula zovala poyesa kuti ndi mvula.

Mukumva, ndati?

Chabwino. Anyani kunalibe. Dzuwa silinatuluke. Kamvula kaja kanali katabalalitsa anthu ambiri, otsalawo mwina akanadzaza minibasi ziwiri, atafunda mapulasitiki. Koma anakhala chete, zimenezo ndiye ndikulumbira pali Mulungu, anakhala chete nyimbo zitatu zonse, ndipo anaomba m'manja, ndipo wandevu uja anavuladi chipewa. Domingo anamenya chingwe chakufacho ndi mphamvu zake zonse, thukuta kamukamu m'chisanu chija, akumwetulira, ndipo ine ndinati ndapambana, ndamunamiza bwino mnzanga.

Titabwerera ndinamuuza kuti babatoni atsale kuno kushedi ndimukonze mtengo, wakhota ndi ulendo. Maganizo anga anali oti ndipeze chikopa china ndikunge mwakabisira. Anangogwedeza mutu. Pasanathe mwezi khutu lakumanja lija linatseka, ndipo sanafunsenso za babatoni wake ngakhale kamodzi, munthu amene kale sankagona asanamupukute. Ine chitsiru ndinkati waiwala, ndipo chikopa chija ndinkangoti mawa, mawa.

Chaka chotsatira anadwala. Ndinakwera ku Chilomoni masana ena ndi nthochi, ndinamupeza atamugoneka pakhonde, atatha ngati ndodo yake yomwe. Anandiyang'ana, anaseka pang'ono, n'kunena, ulendo uno osakuwa.

"Zuze, bulangete lako lija unalichotsamo?"

Ndinaika nthochi pansi, iye n'kupitiriza.

"Iwe unkayesa babatoni ndinkamumvera m'makutu? Ndinkamumvera apa." Anagwira ntchafu zake, kenako pamimba. "Akalira amakwera m'mafupa mpaka m'mano. Tsiku lija nditangomukhalira ndinadziwa kuti ndakhalira mtembo. Koma ndinaona khosi lako, mitsempha itatupa ngati ikuduka, ndiye ndinati mnzangayu asachite manyazi pamaso pa alendo, ndimuthandize bodza lakeli."

Atatero anatseka maso, kutopa. Ndipo ine ndinakuwa. Ndinati pepa, shamwali! Ndinakuwa moti agalu a Chilomoni yense anauwa, phiri la Michiru linabweza mawu anga katatu, amayi pampopi anatula ndowa, minibasi zinaima pamsewu makondakitala n'kumafunsana kuti wapepesayo ndani, ku Zingwangwa anthu amene anakhala zaka osayankhulana anagwirana chanza, Blantyre yense anamva kupepesa kwa Zuze. Munthu mmodzi yekha sanamve, ndipo anali pafupi ngati pamene wakhala iwepo, maso ali chitsekere. Ndinati ndibwera mawa akadzuka ndidzamuonetse ndi milomo. Mawa lakelo ndinapeza akumanga tenti ya maliro pabwalo, yeniyeni, osati ya matumba.

Ndiye sekani tsopano. Za mvuu zija, za lole, za ndowa za nkhungu, kanani zonse ngati mukufuna, ine ndizinenabe mawa ndi mkuja, ndipo mvuuyo izikulirakulira, chifukwa munthu yekhayo amene akananditsutsa anasankha kundithandiza kunama, ndipo ali kumanda. Zala zangazi zinapindika, banjo inadyedwa ndi dzimbiri, ana anga sadziwa n'komwe kuti bambo awo ankaimba. Chatsala ndi chimenecho.

Gwada, Makwinja, suzumira kunsiko ngati ukuti ndanama. Waliona? Ndi lomwelo. Chiperoni chino ndikugona ndi jekete, koma bulangetelo silituluka mmenemo ine ndili moyo. Yatsa gulayindala yako.